Kodi mabungwe a akatswiri a zakuthambo amagwira ntchito yanji, nanga anayamba bwanji?

Mphunzitsi wa ku Santhe

Moni kwa nonse a pabwalo lino. Ine ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo ndabwera ndi funso limene lakhala likundizungulira m'mutu kuyambira sabata yatha. Tikuphunzira za dzuwa ndi mapulaneti, mtsikana wina anaimika mkono n'kunena kuti buku lakale limene bambo ake anasunga kunyumba limati mapulaneti alipo 9, pamene ife tikuphunzira kuti alipo 8. Ndinamuyankha kuti Pluto anachotsedwa pamndandanda m'chaka cha 2006. Mwanayo sanakhutire, ndipo anafunsanso kuti anamuchotsayo ndani, nanga mphamvu yolamula zinthu zakumwamba anaitenga kuti. Ndinangoti ndi bungwe la akatswiri, koma nkhope yake inasonyeza kuti yankho langalo silinamufike pamtima, ndipo kunena zoona ngakhale ine amene silinandikwanire.

Pofufuza ndakumana ndi mayina awiri, Royal Astronomical Society ndi International Astronomical Union, ndipo sindikutha kusiyanitsa ntchito zawo. Ndikupempha amene akudziwa andifotokozere mmene mabungwe otere anayambira ndi zimene amachita kwenikweni. Kodi ndiwo eni ake a matelesikopu akuluakulu aja, kapena amangokumana n'kumakambirana? Ndilinso ndi funso lina limene ndikuchita nalo manyazi pang'ono. Kuno kwathu magetsi ndi ochepa, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumwamba kumayera kotero kuti Mlalang'amba umaoneka bwino lomwe kuchokera pabwalo la mpira. Kodi n'zomveka kuti ife amene tilibe chipangizo chilichonse tiyambitse kabungwe kathu, kapena kumeneko kungakhale kungotengera dzina la ntchito imene sitingaikwanitse?

Wopuma pantchito, ku Mtunthama

Aphunzitsi anzanga, mwana wanuyo mumusamale, chifukwa funso lakelo ndi la munthu woganiza. Ine ndiyankhako za bungwe la ku Britain, poti ndilo ndinawerengapo kwambiri m'zaka zimene ndinkaphunzitsa masamu.

Pa 12 Januwale 1820, amuna 14 anakumana pa chakudya chamadzulo pamalo otchedwa Freemasons' Tavern mumzinda wa London, ndipo anagwirizana zoyambitsa bungwe limene analitcha Astronomical Society of London. Pakati pawo panali John Herschel, panali Charles Babbage amene lero timamukumbukira chifukwa cha makina ake owerengera masamu omwe ali ngati kholo la kompyuta, komanso panali Francis Baily amene ankapeza zofunika pamoyo wake kudzera m'malonda a zandalama. Mfundo yomalizayi muisunge, chifukwa ikukhudza funso lanu lija lamanyazi: ambiri mwa oyambitsawo sanali olembedwa ntchito yoyang'ana nyenyezi, koma ankaichita usiku ataweruka ku ntchito zawo zina. Chiyambi chake sichinali chophweka, pakuti Joseph Banks, amene ankatsogolera bungwe lalikulu la asayansi la Royal Society, sanakondwere nazo poopa kuti bungwe latsopanolo lifooketsa lake, ndipo munthu amene anasankhidwa koyamba kukhala mtsogoleri anatula pansi udindowo posafuna kukhumudwitsa Banks. Udindowo unapita kwa William Herschel, bambo wa John, yemwe anatulukira pulaneti la Uranus mu 1781, koma anali atakalamba kale ndipo anamwalira mu 1822. M'chaka cha 1831 Mfumu William IV inapereka chikalata chovomereza bungweli, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake linakhala Royal Astronomical Society.

Tsono chinawasonkhanitsa n'chiyani? Masiku amenewo woyendetsa chombo akakhala pakati pa nyanja yamchere ankadziwa pamene ali poyeza malo a mwezi ndi nyenyezi, kenaka n'kuyerekeza ndi manambala olembedwa m'buku la matebulo lotchedwa Nautical Almanac. Nambala imodzi ikalakwika m'bukumo, chombo chinkatha kusochera kapena kugunda miyala. Mamembala a bungwe latsopanoli ankadandaula kuti matebulo amenewa, pamodzi ndi mindandanda ya nyenyezi imene inalipo, anali ndi zolakwika zambiri, ndipo m'kupita kwa nthawi boma linawapempha kuti alangize mmene bukulo lingakonzedwere. Choncho ntchito yawo yoyamba inali yotopetsa ndi yosatchuka, yowerengetsa ndi kubwerezanso kuwerengetsa kufikira manambala atagwirizana.

Pa funso lanu la matelesikopu, yankho ndi lakuti ayi. Zipangizo zikuluzikulu zimakhala za maboma ndi za mayunivesite. Chuma cha bungwe lotere ndi msonkhano, magazini ndi laibulale. Mamembala amakumana Lachisanu lachiwiri la mwezi m'miyezi ya misonkhano, ndipo kuyambira 1874 likulu lawo lili m'nyumba yotchedwa Burlington House ku London. Munthu akaona chinthu chachilendo kumwamba, kapena akapeza njira yatsopano yofotokozera chinthu chodziwika kale, amalemba zimene wapezazo n'kuzipereka kwa anzake kuti azisanthule. Magazini yawo, Monthly Notices of the Royal Astronomical Society, inayamba kutuluka mu 1827 ndipo ikutulukabe mpaka lero, koma nkhani siisindikizidwa mmenemo katswiri wina asanaiwerenge n'kufunafuna pamene yafooka. Ine ndimaona kuti mtima wa ntchito yonse uli pamenepa, chifukwa maso a munthu mmodzi amanama, ndipo zimene waona yekha popanda wina wozitsimikiza zimafanana ndi mlandu wopanda mboni. Bungweli limaperekanso mendulo ndi thandizo la ndalama kwa ofufuza, limalangiza boma, ndiponso limasamalira akatswiri ophunzira za m'kati mwa dziko lathuli, monga zivomezi.

Chitsanzo chimene ndinkakonda kuuza ana ndi cha 1919. Albert Einstein anali atanena kuti kuwala kwa nyenyezi kumapindika pang'ono kukamadutsa pafupi ndi dzuwa, koma zimenezi zikanayezedwa pa nthawi ya kadamsana pokha, pamene mwezi waphimba dzuwa lonse ndipo nyenyezi zoyandikana nalo zikuoneka masana. Pa kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, gulu lina linapita ku Sobral m'dziko la Brazil, ndipo Arthur Eddington anapita pachilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa. Zithunzi zimene anajambula anaziyeza kwa miyezi ingapo, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa pa 6 Novembala 1919 pamsonkhano wa Royal Society ndi Royal Astronomical Society pamodzi. Kutacha m'mawa nyuzipepala zinalemba za Einstein, ndipo dzina lake linamveka padziko lonse. Taonani kuti pakati pa tsiku la kadamsana ndi tsiku lolengeza panapita miyezi yoposa isanu.

Wophunzira wa ku Kamwendo

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha mbiri imeneyi. Ndingowonjezera kuti mlandu wa Pluto si wa bungwe la ku London, koma ndi wa International Astronomical Union, limene linakhazikitsidwa ku Brussels mu Julayi 1919 ndipo likulu lake lili ku Paris. Limeneli ndi la mayiko ambiri, ndipo linabadwa chifukwa chakuti akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana ankatchula chinthu chimodzi ndi mayina osiyana, n'kumajambula mapu akumwamba osagwirizana. Pamsonkhano wake waukulu woyamba ku Rome mu 1922 linagwirizana za magulu 88 a nyenyezi amene tikugwiritsa ntchito lero, ndipo malire a maguluwo anajambulidwa ndi Eugène Delporte wa ku Belgium n'kusindikizidwa mu 1930. Ndilonso limavomereza mayina a zigwa za pamwezi, a miyezi ya mapulaneti ena ndi a miyala ikuluikulu yoyenda mumlengalenga.

Mtsikana ujayu mungamufotokozere motere. Pluto anatulukiridwa ndi Clyde Tombaugh mu 1930, ndipo poyamba ankaganiziridwa kuti ndi wamkulu kuposa mmene alili, pamene kwenikweni ndi wamng'ono kuposa mwezi wathu. Kuyambira m'ma 1990 akatswiri anayamba kupeza zinthu zina zambiri m'dera lomwelo kuseri kwa Neptune, ndipo mu 2005 analengeza za china chimene pambuyo pake chinatchedwa Eris, chofanana msinkhu ndi Pluto koma cholemera kumuposa. Apa panali njira ziwiri: kuwonjezera mapulaneti chaka ndi chaka, kapena kumasulira bwinobwino tanthauzo la liwu lakuti pulaneti. Pa 24 Ogasiti 2006, pamsonkhano wa ku Prague, anaponya voti n'kugwirizana kuti pulaneti liyenera kuzungulira dzuwa, liyenera kukhala lolemera mokwanira kuti mphamvu yake yokoka iliumbe kukhala lobulungira, ndiponso liyenera kukhala litalambula njira yake kotero kuti ndilo likulamulira mmenemo. Pluto anakwanitsa ziwiri zoyambazo, koma chachitatucho chinamugwetsa.

Ponena za mphamvu, bungweli lilibe apolisi kapena khoti. Oponya votiwo anali mazana angapo okha mwa mamembala zikwizikwi, ndipo alipo akatswiri odziwika amene mpaka lero sagwirizana ndi chigamulocho. Chimatsatidwa chifukwa chakuti olemba mabuku ndi ofufuza amaona kuti n'kwabwino kulankhula chinenero chimodzi. Pluto mwini wake akuyendabe m'njira yake monga kale, ndipo amatenga zaka pafupifupi 248 kuti azungulire dzuwa kamodzi.

Mayi wa ku Nkhamenya

Ndawerenga mayankho onse awiri ndipo ndaphunzira zambiri, koma bambo a ku Mtunthama mundikhululukire, chifukwa ndikuona kuti mwalijambula bungwelo loyera kwambiri. Poti wofunsa funso m'kalasi muja ndi mtsikana, ndi bwino auzidwenso mbali inayo.

Caroline Herschel, mlongo wake wa William yemwe mwamutchula uja, anagwira ntchito ndi mchimwene wakeyo kwa zaka zambiri, akulemba manambala usiku wonse, ndipo payekha anatulukira nyenyezi za mchira zingapo. Bungweli linamupatsa mendulo yake ya golide mu 1828, ndipo mu 1835 linamulemekeza pamodzi ndi Mary Somerville powatcha mamembala aulemu chabe, koma khomo la umembala weniweni linakhala lotseka kwa akazi kufikira 1916. Mkazi wachiwiri kulandira mendulo ija anali Vera Rubin mu 1996, patapita zaka 168, ndipo mkazi woyamba kutsogolera bungweli, Carole Jordan, anasankhidwa mu 1994. Sindikunena izi pofuna kunyoza ntchito yawo, koma anthu amene ankatha kuyeza kanyenyezi kosaoneka ndi maso anatenga zaka pafupifupi 100 asanaone anzawo amene anali nawo m'nyumba momwemo, ndipo zimenezi zimandipweteka nthawi zonse ndikaziganizira.

Ngakhale kusanthulana kumene mwakuyamikirako kumatha kupotoka pamene wamkulu walankhula. Mu Januwale 1935 mnyamata wa ku India wa zaka 24, Subrahmanyan Chandrasekhar, anafotokoza pamsonkhano wa bungweli kuti nyenyezi imene yatha mafuta ake ili ndi malire a kulemera, pafupifupi kulemera kwa dzuwa kuchulukitsa ndi 1.4, ndipo ikapitirira pamenepo singathe kudzichirikiza, imangopitirira kunyala. Eddington yemwe uja wa ku Príncipe anaimirira n'kutsutsa maganizowo pamaso pa onse mowaseka, ndipo chifukwa cha ulemu umene anali nawo panalibe amene anateteza mnyamatayo poyera. Koma masamu a mnyamatayo anali olondola, ndipo mu 1983 analandira mphoto ya Nobel. Chimene ndingavomereze n'chakuti zimene analembazo zinasindikizidwa m'magazini ya bungwe lomwelo ndipo zinasungika, kotero kuti obwera pambuyo anatha kuziwerenga n'kuweruza okha. Aphunzitsi, mukayambitsa kabungwe kanuko, atsikana alowe pa tsiku loyamba, ndipo mwana wa Fomu 1 akatsutsa zimene inu mwanena, zilembedwe m'kaundula monga mmene wanenera.

Mkulu wa ku Kapiri

Ana anga, nkhani zimenezi mukuziika kutali kwambiri, ku London ndi ku Prague, pamene zina zili pakhomo pathu pompano. Amene munapitako kunyanja ku Mangochi mukudziwa malo otchedwa Cape Maclear, kumudzi wa Chembe. Dzina limenelo analipereka David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, amene ankayang'anira malo oonera nyenyezi a ku Cape Town. Malowo anakhazikitsidwa mu 1820, chaka chomwe chija bungwe la ku London linayamba. Maclear ndiye anathandiza Livingstone kudziwa bwino kayezedwe ka malo pogwiritsa ntchito nyenyezi, ndipo Livingstone ankamutumizira manambala ake kuti awawerengetsenso. Mapu oyamba a Azungu osonyeza mtsinje wa Shire ndi nyanja yathu anadalira ntchito imeneyo. Kuti mapuwo anatibweretsera zabwino zokhazokha kapena ayi ndi nkhani ya tsiku lina, koma dziwani kuti ntchito ya oyang'ana nyenyezi inafika kuno kalekale.

Kummwera kwa Africa kuno kulinso bungwe lake, Astronomical Society of Southern Africa, limene linapangidwa mu 1922 pophatikiza mabungwe awiri, la ku Cape Town ndi la ku Johannesburg, ndipo limalandira akatswiri pamodzi ndi anthu wamba okonda nyenyezi. Ine ndili mnyamata, m'chaka cha 1970, bambo anga anatidzutsa m'bandakucha kuti tikaone nyenyezi ya mchira imene inaonekera chakum'mawa, ndipo agogo anga aakazi anakana kutuluka ponena kuti ndi malodza. Patapita zaka zambiri ndi pamene ndinadziwa kuti woyamba kuiona anali Jack Bennett wa ku Pretoria, mu Disembala 1969, munthu wogwira ntchito ya m'boma amene ankayang'ana kumwamba ali pakhomo pake ndi telesikopu yaing'ono, ndipo nyenyeziyo inatchedwa dzina lake. Iye anali membala wa bungwe limeneli. Kale kwambiri kunalinso Alexander Roberts, mphunzitsi ngati inu pasukulu ya mishoni ya Lovedale, amene masana ankaphunzitsa ndipo usiku ankalemba mmene kuwala kwa nyenyezi zina kumakwerera ndi kutsika, ndipo anachita zimenezi kwa zaka zambiri. Lero dziko la South Africa lili ndi telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland, yotsegulidwa mu 2005, ndi MeerKAT, gulu la zipangizo 64 zooneka ngati mbale zikuluzikulu zomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ndipo mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa International Astronomical Union unachitikira ku Cape Town, koyamba m'Africa muno.

Koma pempho langa lenileni ndi ili. Mnyamata wa ku Kamwendo wanena za magulu 88 a nyenyezi, ndipo mayina ake ndi a Chilatini. Ifenso tinali ndi athu. Tsegulani Buku Lopatulika pa Yobu 9:9 mupeza Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, mayina amene omasulira anawatenga pakamwa pa makolo athu. Nsangwe zikayamba kuoneka kum'mawa dzuwa litangolowa, akuluakulu ankadziwa kuti mvula yayandikira ndipo mizere iyenera kukhala itatha. Nthanda inkadzutsa a paulendo ndi amayi opita kukasinja. Zidzukulu zanga sizitha kuloza ngakhale imodzi mwa zimenezi, ndipo ife amene tinazimva kwa agogo athu tatsala ochepa. Ntchito yolemba mayina amenewa, ndi kutsimikiza kuti dzina lakutilakuti ndi la nyenyezi iti, palibe wa ku Paris amene adzabwere kudzatichitira, ndipo siifuna telesikopu.

Wopuma pantchito, ku Mtunthama

Mayi a ku Nkhamenya, mwandikonza bwino ndipo sindikutsutsa chilichonse mwa zimene mwanena. Kwa aphunzitsi ndingowonjezera ntchito imodzi yoyeza imene mungayambire. Kasungu ali pamadigiri pafupifupi 13 kummwera kwa mzere wa ikweta, kotero dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, muionetsetse ndi chingwe chomangirira mwala kuti yaima chilili, ndipo ana aziyeza mthunzi wake waufupi kwambiri tsiku lililonse masana kwa masabata angapo kufikira tsiku limene mthunziwo udzatsala pang'ono kuzimiririka. Mukapeza sukulu ina ya ku Karonga kapena ku Nsanje yochita chimodzimodzi, mudzaona kuti masiku anu akusiyana, ndipo kuchokera pa kusiyana kwa mithunzi ya tsiku limodzi mungathe kuwerengetsa kukula kwa dziko lapansi.

Mphunzitsi wa ku Santhe

Ndathokoza kwambiri nonsenu, makamaka inu bambo a ku Kapiri, chifukwa ndakhala ndikuwerenga ndime ya Yobu ija kuyambira ndili mwana osadziwa kuti Akamwiniatsatana ndi nyenyezi zimene ndingathe kuziloza. Dzulo ndinamufotokozera mtsikana uja za voti ya ku Prague. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati iye akanakhalapo akanavotera Pluto, ndipo anafuna kudziwa ngati chigamulocho chingasinthidwe. Ndinamuuza kuti msonkhano wina ukhoza kuchisintha ngati patapezeka zifukwa zokwanira.

Ndalankhula ndi aphunzitsi aakulu ndipo avomera kuti tizikumana kamodzi pamwezi, pa nthawi imene mwezi uli mumdima, bola makolo alole ndipo ana okhala kutali aziperekezedwa pobwerera. Alembetsa ndi ana 11, ndipo 6 mwa iwo ndi atsikana. Ndagula kope lachikuto cholimba loti likhale kaundula wathu, ndipo mlembi wake adzakhala mwini funso uja. Ntchito yoyamba ndawapatsa kale: aliyense akafunse agogo ake mayina a nyenyezi amene akuwadziwa, alembe dzina, mwezi umene nyenyeziyo imaoneka, mbali ya kumwamba ndi mudzi umene wamvako, ndipo dzina silidzalowa m'kaundula ngati lotsimikizika kufikira litamveka kwa anthu awiri a midzi yosiyana. Bambo a ku Kapiri, mnyamata wina wabwera kale ndi vuto: agogo ake akuti nyenyezi yowala imene imaoneka pafupi ndi mwezi madzulo ndi mkazi wa mwezi, ndipo akukana kuti ndi imodzimodzi ndi Nthanda ya m'mawa. Kodi kwanu ku Kapiri yamadzuloyo munkaitcha dzina lanji?